Kupatulira Mitengo Motsogozedwa ndi Masamu: Phunziro Lochokera ku Nkhalango za Kumpoto kwa Canada

Mlimi aliyense wa chimanga amadziwa kuti mbewu zikamera zambiri paphando limodzi, zina ziyenera kuzulidwa zikadali zanthete. Akapanda kutero, mapesi amaonda, zisononkho zimabereka njere zochepa, ndipo feteleza amene anagulidwa movutikira amapita pachabe. Ntchito imeneyi ndiyo kupatulira. Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo akabzala mitengo, dzanja limamulemera kuti adulepo ngakhale umodzi, poganiza kuti kuchuluka kwa mitengo ndiko kuchuluka kwa chuma.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, dziko lino limakhala pa nyengo yobzala mitengo, ndipo malipoti ochokera m'mawodi amatchula chiwerengero cha mbande zimene zabzalidwa. Koma phindu la munda wa mitengo silidziwika tsiku lobzala. Limadziwika patapita zaka, pamene nthambi zagundana ndipo mwini munda ayenera kusankha mitengo yotsala ndi yochotsa. Phunziro la m'kope lino likufotokoza momwe akatswiri a zankhalango ku Canada amayankhira mafunso awiri ovuta: kodi kupatulira kuchitike liti, nanga pachotsedwe mitengo ingati?

Nkhalango ya mitengo iwiri yosiyana khalidwe

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kuli lamba wa nkhalango amene wadutsa ku Canada, ku Alaska, ku Norway, Sweden, Finland ndi ku Russia. Nkhalango zimenezi amazitcha boreal. Ku Canada kokha zimakwana mahekitala pafupifupi 270 miliyoni, malo amene dziko la Malawi lingalowemo koposa ka 20. Kumeneko chipale chofewa chimakuta nthaka kwa miyezi yambiri, kuzizira kumatha kufika madigiri 40 kunsi kwa ziro, ndipo mitengo imakhala ndi miyezi itatu kapena inayi yokha yokulira pachaka.

Chakum'mwera kwa lamba ameneyu, m'zigawo monga Alberta, Saskatchewan, Ontario ndi Quebec, kuli nkhalango zosakanikirana. Mitengo iwiri ndiyo imalamulira, makamaka m'zigawo za kumadzulo. Woyamba ndi aspen, mtengo wa masamba otambalala amene amathothoka nyengo yozizira. Wachiwiri ndi white spruce, mtengo wa masamba onga singano, wa banja limodzi ndi paini.

Khalidwe la mitengo iwiriyi ndi losiyana kwambiri. Moto wolusa ukatentha nkhalango, kapena mitengo ikadulidwa, aspen sadikira mbewu. Mizu yake imatulutsa mphukira zochuluka zedi, nthawi zina zoposa 50,000 pa hekitala imodzi, ndipo zimakula mothamanga chifukwa aspen amafuna dzuwa lambiri. Spruce amamera kuchokera ku njere kapena kubzalidwa, amakula mwapang'onopang'ono, koma amapirira mthunzi. Motero kwa zaka makumi angapo nkhalango imakhala ya nsanjika ziwiri: aspen pamwamba, spruce pansi. Aspen akafika zaka 60 mpaka 80 amayamba kuola mkati ndi kugwa, ndipo spruce, amene angathe kukhala zaka zoposa 200, amatenga malo.

Mitengo yonse iwiri ili ndi msika. Spruce amacheka matabwa omangira nyumba. Aspen, amene kale ankaonedwa ngati tchire losafunika, masiku ano amapangira mapepala ndiponso mabolodi omatidwa kuchokera ku tizidutswa ta mtengo. Choncho woyang'anira nkhalango sangangoti achotse mtundu umodzi. Ayenera kuyeza kuti malo amodzi agawidwe motani pakati pa mitengo iwiriyo.

Nkhalango imadzipatulira yokha

Mphukira 50,000 zija sizifika ukulu zonse. Pakutha pa zaka zochepa zambiri zimakhala zitauma, ndipo nkhalango ikakhwima pamatsala mitengo mazana angapo pa hekitala. Palibe munthu amene waidula. Kuwala, madzi ndi chakudya cha m'nthaka zili ndi malire, kotero mtengo umodzi ukamakula, wina woyandikana nawo umaphimbidwa, umafooka, kenako umafa.

Mu 1933, katswiri wina wa zankhalango wa ku America, L. H. Reineke, anasonyeza kuti kufa kumeneku kuli ndi dongosolo lake. Iye anasonkhanitsa miyeso ya nkhalango zothithikana kwambiri, nayerekeza zinthu ziwiri: chiwerengero cha mitengo pamalo, ndi kunenepa kwa thunthu, kutanthauza m'mimba mwake mwa mtengo poyeza pa msinkhu wa pachifuwa. Anapeza kuti pali malire amene nkhalango singadumphe, ndipo malirewo amatsika mofanana pa mitundu yambiri ya mitengo. Nambala imene anapeza yosonyeza katsikidwe kameneka ndi 1.605. Tanthauzo lake m'mawu a tsiku ndi tsiku ndi ili: mitengo ikanenepa kuwirikiza kawiri, malo omwewo amatha kusunga gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mitengo imene inalipo.

Kuchokera pamenepa kunabadwa mlingo wa kuthithikana. Mlingowu umasandutsa nkhalango iliyonse, kaya ya mitengo ing'onoing'ono kaya ikuluikulu, kukhala nambala imodzi: chiwerengero cha mitengo ya masentimita 25 imene ingapanikizane mofanana ndi mitengo imene ilipoyo. Ubwino wake ndi wakuti munda wa zaka 8 ndi munda wa zaka 30 ikhoza kuyerekezedwa pa sikelo imodzi. Mu 1963, akatswiri a ku Japan motsogozedwa ndi Kyoji Yoda anapeza lamulo lofanana nalo pa zomera zina zosakhala mitengo, zimene zinatsimikiza kuti kulimbirana malo kuli ndi masamu ake m'chilengedwe chonse.

Tchati chotsogolera nkhwangwa

Akatswiri anajambula mfundo imeneyi pa tchati. Mbali ina ya tchaticho imasonyeza chiwerengero cha mitengo pa hekitala, mbali inayo kukula kwa mitengo. Matchati otere anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1979 T. J. Drew ndi J. W. Flewelling anapanga cha mtengo wa Douglas-fir chimene chinatchuka ku North America. Ku Canada kunapangidwanso matchati a mitengo ya black spruce ndi jack pine.

Pa tchati chotere pamakhala mzere wa malire, ndipo kunsi kwake pamakhala mizere ina yochenjeza. Malinga ndi malangizo amene James Long anafalitsa mu 1985, munda ukafika pa magawo 25 pa 100 a malire aja, nthambi zimayamba kugundana ndipo mpikisano wayamba. Pa magawo 35, mitengo yadzaza malo onse, palibe kuwala kumene kukutayika. Pa magawo 60, mitengo yofooka imayamba kufa. Choncho wofuna matabwa amasunga munda wake pakati pa 35 ndi 60. Ukakwera kufika pa 60 amapatulira, nautsitsa kufika pa 35, kenako amausiya kuti ukwerenso.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Pakhale mtundu wa mtengo umene malire ake ndi mitengo 1,000 ya masentimita 25 pa hekitala. Munda wina uli ndi mitengo 1,800 pa hekitala, yonenepa masentimita 12.5. Popeza 12.5 ndi theka la 25, mitengo itatu yotere ikufanana ndi mtengo umodzi wa masentimita 25. Motero mlingo wa mundawo ndi pafupifupi 600, amene ndi magawo 60 pa 100. Nthawi yopatulira yakwana. Kuti mlingo utsike kufika pa 350, payenera kutsala mitengo pafupifupi 1,060, ndipo yoposa 700 ichotsedwe. Mitengo yotsalayo ikadzanenepa kufika masentimita 17.5, mlingo udzakhala utabwereranso pa 600, ndipo kupatulira kwachiwiri kudzasiya mitengo pafupifupi 620. Imeneyo idzakula momasuka mpaka kuyandikira masentimita 25.

Chofunika kuchiona pa chitsanzochi ndi chakuti mwini munda akudziwiratu ulendo wonse asananole nkhwangwa. Akudziwa kuti adzapatulira kangati, adzapeza mitengo ingati yogulitsa ulendo uliwonse, ndiponso yonenepa motani. Kalendala siyo ikulamula, koma tepi yoyezera. Munda wa panthaka yachonde udzafika pa 60 msanga, wa panthaka yoguga udzachedwa, koma malire ake ndi amodzimodzi.

Pamene mitundu iwiri ikhala pamodzi

Masamu a Reineke anapangidwira munda wa mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi. M'nkhalango yosakanikirana zinthu zimavuta, chifukwa aspen ndi spruce sapanikizana mofanana. Aspen wamtali amatchinga dzuwa la spruce, koma spruce wamfupi satchinga dzuwa la aspen. Mtundu uliwonse ulinso ndi malire akeake, pakuti mtengo wopirira mthunzi umatha kuthithikana kwambiri kuposa wokonda dzuwa. N'chifukwa chake akatswiri amawerengera nsanjika iliyonse payokha, kenako amafunsa kuti ndi kuwala kochuluka bwanji kumene kukudutsa masamba a aspen kukafika pansi.

Wina angaganize kuti yankho ndi kuchotsa aspen yense kuti spruce akule momasuka. Zoona, spruce wa padzuwa amanenepa msanga. Koma kafukufuku wasonyeza kuti aspen ndi mlezinso wa spruce. Masamba ake amasunga kutentha usiku, motero chisanu cha m'nyengo yophukira sichipsereza nsonga zanthete za spruce. Mthunzi wake umafooketsa udzu wina wamtali wotchedwa Calamagrostis, umene umakuta mbande ndi kuzigwetsa chipale chikaulemera. Umachepetsanso kachilombo konga nankafumbwe kamene kamaboola nsonga ya spruce pamalo owala, n'kusiya mtengo wokhota kapena wa mphanda. Kuwonjezera apo, masamba a aspen akathothoka amaola msanga ndi kubwezera chonde m'nthaka.

Choncho funso silikhala lakuti aspen achotsedwe kapena ayi, koma lakuti atsale angati. Pofuna yankho, boma, makampani a matabwa ndi University of Alberta anayambitsa kafukufuku wa nthawi yaitali mu 1990 kudzera m'bungwe lotchedwa WESBOGY. M'minda yoyesera yofalikira kumadzulo kwa Canada, spruce anasiyidwa pa milingo iwiri, mitengo 500 ndi 1,000 pa hekitala, pamene aspen anasiyidwa pa milingo yosiyanasiyana, kuyambira pa kuchotsedwa yense mpaka pa kusapatuliridwa konse. Mitengo ya m'mindamo imayezedwa mobwerezabwereza. Chimene chimaoneka n'chakuti aspen akachepa, spruce amanenepa msanga ndipo aspen wotsalayo amanenepanso, koma mitengo ya aspen yodzakolola imachepa. Chimene mtundu wina wapindula, mtundu winawo walipira.

Mtengo umene umatenga zaka 80 kapena 100 kuti ukhwime sungadikiridwe kuti munthu aone ngati anasankha bwino. Apa ndi pamene pamalowa kompyuta. Pulogalamu yotchedwa Mixedwood Growth Model, imene inapangidwa ku University of Alberta, imalandira mndandanda wa mitengo yoyezedwa m'munda: mtundu wake, kutalika kwake ndi kunenepa kwake. Kenako imaikulitsa chaka ndi chaka, kuwerengera kuti mtengo uliwonse ukupanikizidwa motani ndi ikuluikulu yoizungulira, ndi kuchotsa imene ikuyembekezeka kufa. Woyang'anira nkhalango akhoza kuyesa njira zingapo tsiku limodzi: kusiya aspen 1,500, kusiya 500, kapena kusapatulira, naona zokolola za njira iliyonse pakutha pa zaka zambiri.

Njira ina imene inabadwa m'maganizo otere ndiyo kukolola kawiri. Aspen akakhwima, makina amadutsa m'tinjira todziwika n'kumudula mosamala kuti spruce wa pansi asathyoke. Mizere ina ya aspen imasiyidwa dala kuti itchinge mphepo, popeza mizu ya spruce simapita pansi kwambiri ndipo mtengo wozolowera kutetezedwa umagwa msanga ukaululidwa mwadzidzidzi. Patapita zaka makumi angapo, spruce uja amakololedwa. Malo amodzi apereka zokolola ziwiri.

Zimene masamu sangachite

Pali zinthu zitatu zimene akatswiriwo amachenjeza. Choyamba, kupatulira sikuchulukitsa mitengo yonse imene malo angabereke. Mphamvu ya nthaka ndi dzuwa ndi yomweyo. Chimene kupatulira kumachita ndi kusonkhanitsa mphamvuyo pa mitengo yochepa yosankhidwa, ndi kupulumutsa mitengo imene ikanafa ndi kuola kuti igulitsidwe ikadali yabwino. Phindu limachokera pa mfundo yakuti chipika chimodzi chonenepa chimacheka matabwa, pamene timitengo khumi toonda timangokhala nkhuni.

Chachiwiri, kupatulira mochedwa n'koopsa. Mitengo imene yathithikana nthawi yaitali imakhala yaitali, yoonda, ya nthambi zamoyo zochepa kunsonga kokha. Ikapatsidwa malo imachedwa kuchira, ndipo mphepo imaithyola mosavuta. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo m'nkhalango mawuwa ndi oona kotheratu. Kupatulira mopyola muyeso nakonso kuli ndi mavuto ake: udzu umabwerera, nthambi zimanenepa n'kusiya mfundo zikuluzikulu m'matabwa, ndipo malo amakhala osagwiritsidwa ntchito mokwanira.

Chachitatu, kompyuta imadziwa zokhazo zimene yauzidwa. Imalosera kuchokera ku miyeso ya kale, koma nyengo ikusintha. Chilala chapha aspen wambiri m'mphepete mwa nkhalango za kumadzulo kwa Canada, ndipo mu 2023 moto unatentha mahekitala pafupifupi 15 miliyoni m'dzikolo, malo aakulu kuposa Malawi yense. N'chifukwa chake akatswiri amabwerera kuminda yoyesera kukayezanso, ndi kukonza masamu awo akasemphana ndi zimene mitengo ikuonetsa.

Phunziro kwa okhala m'mawodi

Kuno kulibe aspen kapena spruce, ndipo manambala a ku Canada sangatengedwe monga aliri n'kuikidwa pa paini wa ku Dedza kapena bulugamu wa ku Mulanje. Mtundu uliwonse uli ndi malire ake. Koma lamulo la kulimbirana malo ndi limodzi. Ndipotu kuno mitengo imakula mothamanga kwambiri, kotero nthawi yopatulira imafika msanga ndipo imadutsanso msanga.

Mbiri ya nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000 paphiri la Viphya, imaphunzitsa kuti cholinga chiyenera kudziwika poyamba. Mbali yaikulu ya paini wa kumeneko inabzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene siinamangidwe, ndipo kasamalidwe ka mitengo ya mapepala n'kosiyana ndi ka mitengo ya matabwa. Chimodzimodzi m'mudzi: wofuna nkhuni ndi phaso akhoza kubzala mothithikana ndi kudula msanga, wofuna mapolo asiye mpata wokulirapo, ndipo wofuna matabwa ayenera kupatulira kangapo. Kubzala motalikana mamita 2 mbali zonse kumapereka mitengo 2,500 pa hekitala, mamita 2.5 kumapereka 1,600, ndipo mamita 3 kumapereka 1,111. Palibe mwa minda imeneyi umene ungafikitse mitengo yake yonse pa msinkhu wa matabwa.

Nkhalango za m'midzi zimene zasiyidwa kuti ziphukenso zimafanana kwambiri ndi aspen. Mombo, msuku ndi mitengo ina yachilengedwe imaphuka kuchokera ku zitsa ndi mizu, ndipo chitsa chimodzi chimatulutsa mphukira zambiri. Kusankha ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi kuchotsa zotsalazo ndiko kupatulira komweko. Ndipo monga aspen amalera spruce, mtengo wokula msanga ukhoza kuteteza mbawa kapena mlombwa waung'ono kwa kanthawi, malinga ngati uchotsedwa usanauphimbe.

Kuyeza munda sikufuna kompyuta. Komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi ingayambe ndi chikhomo, chingwe, tepi ya telala ndi kope. Ndondomeko yake ndi iyi:

1. Chikhomo chikhomedwe pamalo oyimira bwino munda wonse, osati m'mphepete, ndipo chimangidwe chingwe chotalika mamita 5.64. Bwalo limene chingwecho chizungulire ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a hekitala.

2. Mitengo yonse yamoyo ya m'bwalomo iwerengedwe, ndipo chiwerengerocho chichulukitsidwe ndi 100. Mitengo 18 m'bwalo ikutanthauza 1,800 pa hekitala.

3. Mtengo uliwonse uyezedwe kuzungulira kwa thunthu pa msinkhu wa mita 1.3 kuchokera pansi. Kuzungulirako kukagawidwa ndi 3.14 kumapereka m'mimba mwake mwa mtengo.

4. Zimenezi zibwerezedwe pamalo osachepera asanu, ndipo zilembedwe pamodzi ndi tsiku lake. Chaka chotsatira, mwezi womwewo, malo omwewo ayezedwenso.

Kope limeneli ndilo maziko a uphungu wa mlangizi wa zankhalango. Zizindikiro zina zimaoneka ndi maso: nthambi zagundana, pansi pachita mdima ndipo udzu watha, nthambi zamoyo zatsala pa gawo lochepera limodzi mwa magawo atatu a mtengo, timitengo tofooka tayamba kuuma, ndiponso tepi ikusonyeza kuti mitengo yasiya kunenepa monga kale. Posankha yochotsa, woyeza ayambe waika chizindikiro pa mitengo yabwino yoti itsale, kenako achotse yokhota, ya mphanda, yodwala ndi yophimbidwa. Chiyeso chachikulu ndi kudula mitengo yonenepa chifukwa ndiyo ili ndi ogula lero. Wotero amadya mbewu, pakuti munda wake umatsala ndi mitengo yosathandiza.

Kupatulira sikuyenera kusanduka chophimba cha kudula mitengo mwachisawawa. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limateteza nkhalango za boma, ndipo palibe wololedwa kudulamo popanda chilolezo. M'nkhalango ya mudzi, ntchitoyi ichitike motsatira dongosolo limene mudzi unagwirizana, nyakwawa ndi komiti akudziwa, mitengo yochotsa itaikidwa zizindikiro anthu akuona, ndipo ndalama za nkhuni ndi mapolo zilembedwe ndi kulengezedwa pamsonkhano.

Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera akulimbikitsidwa kuti, pokonza malipoti a nyengo yobzala ikubwerayi, asalembe mbande zatsopano zokha. Alembenso minda imene inabzalidwa zaka zisanu kapena kuposerapo zapitazo, chiwerengero cha mitengo yake pa hekitala ndi kunenepa kwake, ndipo apereke miyesoyo kwa mlangizi wa zankhalango wa m'dera lawo kapena ku ofesi ya zankhalango ya boma lino kuti minda yofunika kupatulira idziwike mvula isanagwe.